Kuchokera pa Virundu Kufika ku Ndirande

Madzulo aliwonse, anthu akamaweruka ku mafakitale a ku Makata ndi ku Ginnery Corner, mzere wa nsomba mumsika wa Ndirande umadzaza. Amayi ageni amakhala atayala milu pamasaka ndi pamabenchi: apa usipa wofutsa, apo usipa wadzuwa, utaka wowamba, matemba a ku Chilwa, ndi milamba yakuda bii ndi utsi. Wodziwa nsomba sathamangira kufunsa mtengo. Amayamba watola kansomba kamodzi, kukanunkhiza, kukathyola pakati kuti aone ngati kanauma mpaka m'kati, kenako kukalawa kuti amve ngati kali ndi mchenga kapena kakuwawa. Akakhutira m'pamene amayamba kunenerera: "Mayi, ikaniponi tina, kunyumbaku ana ndi ambiri." Wogulitsa amaponyapo tiwiri titatu, n'kukulunga m'pepala.

Ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri nakonso n'chimodzimodzi, chonsecho Blantyre ndi mzinda wopanda nyanja. Mudi, Nasolo ndi Naperi si mitsinje yoti munthu n'kuwedzamo ndiwo. Nsomba iliyonse ya pamulu yayenda mtunda, ndipo ya ku Mangochi yadutsa makilomita pafupifupi 200 isanafike pabenchi. Malondawa atha zaka zoposa 100, ndipo pa zaka zonsezi mzinda wakhala ukukula pamene nsomba ya m'mbale ikunka nichepa msinkhu. Gwero la zimenezi lili pansi pa madzi, pamalo amene anthu ambiri a m'malokeshoni sanawaonepo ndi maso.

Miyala yodzaza ndi zamoyo

M'nyanja zamchere za kumaiko otentha, monga ku Bazaruto ndi ku Quirimbas kugombe la Mozambique, muli matanthwe omangidwa ndi tizilombo totchedwa korali. Tizilomboti timamanga tizigoba ta laimu, tina pamwamba pa tinzake, kwa zaka mazanamazana, mpaka pansi pa madzi pamamera zitunda za mapanga ndi ming'alu. M'thupi mwa kachilombo kalikonse mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. N'chifukwa chake matanthwewa amafuna madzi oyera, osaya ndiponso ofunda. Malo amene atenga pansi pa nyanja zamchere sakwana ndi 1 peresenti yomwe, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanjazo umadalira matanthwe amenewa.

M'Nyanja ya Malawi mulibe korali, poti madzi ake si amchere. Ntchito imeneyi kuno imagwiridwa ndi miyala yeniyeni: magombe a miyala a ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, zilumba za Thumbi, Domwe, Mumbo, Maleri, Boadzulu, Mbenji, Likoma ndi Chizumulu, komanso zitunda za miyala zobisika pansi pa madzi zimene asodzi amazitcha virundu. Nyanjayi ndi yakuya mamita 700 pamalo ena, koma kupitirira mamita pafupifupi 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Moyo wambiri uli pamwamba ndi m'mphepete, pamene dzuwa limafika.

Pamiyala yowombedwa dzuwa pamamera ndere yoterera, ndipo m'ndereyo mumabisala tizilombo tating'onoting'ono. Umenewu ndiye munda wa mbuna, tinsomba tobiriwira, tachikasu, tamizeremizere, totalika ngati chala cha munthu wamkulu kapena kuposerapo pang'ono. Mtundu uliwonse uli ndi kadyedwe kake. Wina uli ndi kamwa yoloza pansi, yopalira ndere pamwala. Wina umapesa ndereyo ndi mano n'kutolamo tizilombo, wina umazula ulusi wa ndere umodziumodzi, ndipo ulipo wina umene umakhalira kuluma mamba ndi zipsepse za anzake. Chapafupi, pamchenga, pamagona kaligono, nsomba imene imadzigwetsa cham'mbali ngati yafa, kansomba kakayandikira kuti kadye mtembo, iyo n'kukambwandira.

Pafupifupi nsomba zonse za banja la mbuna ndi kaligono zimalera ana m'kamwa. Yaikazi ikaikira mazira imawatola, n'kuwasunga m'kamwa kwa masabata angapo osadya bwino, mpaka ana ataswa ndi kulimba. Chifukwa cha kaleredwe aka, komanso poti mbuna siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake. Mbuna zina za ku Chinyankhwazi sizipezeka ku Likoma. Akatswiri amati nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba pakati pa 700 ndi 1,000, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi.

Mbuna siifika kawirikawiri pamsika wa Ndirande, koma anansi ake amafika. Kampango amaswera m'mphako za miyala, bambo ndi mayi akulondera ana limodzi, ndipo mayiyo amaikira mazira ena ongoti ana adye. Utaka nawo umasonkhana m'magulu aakulu pamwamba pa virundu, utaloza mitu kumene madzi akuchokera, n'kumadya tizilombo tobwera ndi mkokomo wa madziwo. Msodzi wakale ankadziwa chirundu chilichonse poyang'ana kumtunda: nsonga ya phiri lakuti ikalunjikana ndi mlambe wakuti, ndiye kuti bwato lafika pamalo. Apo m'pamene ankaponya khoka la chilimira.

Njinga, malole ndi njala ya mzinda

Malonda a nsomba anayamba kale mzinda usanabadwe. Anthu a kunyanja, Anyanja, Ayao ndi Atonga, ankaluka makoka ndi ulusi wa zomera monga chopwa, ankatchera miono m'mitsinje, ndipo nsomba zouma ankasinthanitsa ndi ufa, makasu ndi mchere kwa anthu a kumtunda. Chimene chinasintha zinthu ndi kubwera kwa anthu ambiri odya koma osalima.

Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876. Njanji inafika mu 1908, Limbe n'kuyamba kukula ndi ntchito za fodya ndi za sitima. Ku Thyolo ndi ku Mulanje minda ya tiyi inalemba anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ndipo eni minda ankagula nsomba zouma kuti azigawira antchito pamodzi ndi ufa. M'midzi yozungulira tauni, m'munsi mwa phiri la Ndirande ndi kwina, munadzaza ogwira ntchito m'nyumba za azungu, m'masitolo a amwenye ndi m'mafakitale. Onsewa ankafuna ndiwo zotsika mtengo, zosachedwa kupsa, zosavunda msanga. Nsomba youma inayankha zonse zitatu.

Oyamba kuibweretsa ankasenza pamutu. Kenako kunabwera njinga, ndipo pofika m'ma 1930 ndi 1940 msewu wochokera ku Chilwa kudzera ku Zomba, ndi wochokera ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, munkayenda amuna okankha njinga zomangirira madengu aakulu kumbuyo. Ulendowo unali wa masiku, wogona m'njira, wokwera zitunda za kumtunda kwa Shire katundu ali pakaliyala. Njinga inapatsa Amalawi ambiri bizinesi yawoyawo pa nthawi imene malonda aakulu onse anali m'manja mwa alendo.

Alendowo nawo sanachedwe kuona phindu. M'ma 1930 banja la Agiriki la Yiannakis linayamba usodzi wa makoka aakulu kummwera kwa nyanja, ndipo malole awo ankatsitsa chambo ku Zomba, ku Limbe ndi ku Blantyre. Nsomba zina zinkawoloka malire kupita ku Southern Rhodesia, kumene mtengo unali wabwino. Nkhaniyi inautsa mkwiyo. M'ma 1950, nthawi ya chitaganya, mafumu a kunyanja ndi atsogoleri a Nyasaland African Congress ankadandaula kuti makoka a alendo akutha nsomba, ndiponso kuti ndiwo za anthu a dziko lino zikukadyetsa Salisbury. Nsomba inalowa m'ndale ufulu usanabwere.

Boma la atsamunda linali litayamba kale kufufuza. Mu 1939 Ethelwynn Trewavas, Kate Ricardo Bertram ndi John Borley anayendera nyanjayi kuwerengera nsomba zake, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942. Kuyambira 1945 mpaka 1947 Rosemary Lowe anaphunzira moyo wa chambo, n'kuonetsa kuti dzina limodzili likubisa mitundu ingapo, uliwonse ndi malo ake ndi nyengo yake yoswera. M'ma 1950 Geoffrey Fryer anakhala ku Nkhata Bay akuyang'anitsitsa mbuna pamiyala. Zimene anthuwa analemba zinatsimikiza zimene asodzi akale ankadziwa: chambo chimatenga zaka pafupifupi zitatu kuti chiyambe kuswa, chachimuna chimakumba chisa chozungulira pamchenga, ndipo ana, amene amatchedwa kasawala, amakulira m'madzi osaya pafupi ndi bango. Khoka lokokera kumtunda likadutsa pamenepo nthawi ya mvula, limasesa mayi, mazira a m'kamwa ndi zisa zomwe.

Zaka za chambo

Dziko litalandira ufulu mu 1964, zonse zinathamanga. Ukonde wa nayiloni, umene unali utayamba kale kulowa m'malo mwa chopwa, unafalikira, ndipo wina unkalukidwa mumzinda momwemu ndi kampani ya Blantyre Netting. Maboti anamangidwa injini. Mu 1968 usodzi wa zombo zokoka khoka pansi pa nyanja unayamba kummwera, ndipo kampani ya Maldeco inatenga malo aakulu pa usodzi wa makampani. Nawo mzinda unafufuma: kalembera wa 1966 anapeza anthu oposa pang'ono 100,000 mu Blantyre, pamene wa 2018 anapeza oposa 800,000. Mafakitale a David Whitehead ndi Carlsberg atatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Ndirande anadzaza, ndipo Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni ndi pambuyo pake Machinjiri anatambasuka.

Msika wa Limbe unasanduka doko la kumtunda. Malole ochokera ku Mangochi, ku Malombe, ku Kachulu ndi ku Chikwawa ankafika usiku kapena m'bandakucha, ndipo amayi a m'malokeshoni ankalawirira kukapikula, wina dengu, wina chidebe, n'kukagawa m'milu kumisika yawo. Mpaka lero geni ya nsomba imayenda chonchi, ndipo yaphunzitsa ana ambiri sukulu. Amene anakula m'ma 1970 amakumbukira kuti chambo chinali ndiwo ya munthu wamba, yogula pamapeto a mwezi popanda kuganiza kawiri. Wochokera kunyanja ankadziwika ndi chambo chomangirira pagalasi la galimoto kuti chizipitidwa mphepo. Pa zaka zimenezo Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana makilogalamu pafupifupi 14 pachaka.

Chenjezo linali litaoneka kale, kungoti mumzinda silinamveke. Ntchila, imene m'ma 1950 inali m'gulu la nsomba zogwidwa kwambiri, inali itasowa pofika m'ma 1960. Inkakwera mitsinje kukaswa, ndipo inakumana ndi maukonde pamathiriro komanso matope pamalo oikira mazira. Anthu a m'tauni anangosintha ndiwo.

Kenako inakwana nthawi ya chambo. Ku Malombe, nyanja yosaya imene Shire amadutsamo, chambo chinkagwidwa matani zikwi zingapo pachaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Makoka a maso aang'ono, a kambuzi ndi nkacha, anachuluka, anazula zomera za pansi ndi kusesa kasawala, moti pofika m'ma 1990 matani aja anatsika kufika pa mazana ochepa. Kummwera kwa Nyanja ya Malawi zinatsatira njira yomweyo. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a m'madoko ku Malombe kuti asodzi eni ake azitengapo mbali, ndipo lamulo latsopano la usodzi la 1997 linavomereza dongosololi. Koma chambo sichinabwererenso mwakale. Mu 2018 bungwe la IUCN linalengeza kuti mitundu itatu mwa inayi ya chambo ili pafupi kutheratu, ndiponso kuti 9 peresenti ya mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi imene inaunikidwa ili pangozi yaikulu.

Chilwa nayo ili ndi khalidwe lake. Ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, imene inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso pafupifupi yonse mu 2018. Ikaphwa, matemba ndi makumba amasowa ku Bangwe ndi ku Limbe, mtengo wa usipa n'kukwera. Madzi akabwerera, nsomba zobisala m'mitsinje ndi m'madambo zimaswananso msanga, asodzi n'kubwerera m'zimbowera zawo pakati pa mabango.

Ufumu wa usipa

Chimene chasunga mphika wa m'lokeshoni ndi usipa. Kansombaka kamakhala pakati pa nyanja, kamadya tizilombo toyandama, kamakula msanga ndipo moyo wake ndi wa chaka chimodzi kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake kamapirira usodzi kuposa chambo. Usiku wopanda mwezi nyanja imayaka nyali, siginala ali pabwato lake kukopa usipa, alovi m'maboti awiri akuzinga chilimira. M'mawa usipa umayalidwa pamathandala, wina umayamba waviikidwa m'madzi owira a mchere kuti ukhale wofutsa. Masiku ano usipa wokha umaposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno.

Koma usipa ndi wosadalirika. Chaka china umachuluka mpaka kuwolera pamathandala nthawi ya mvula, chaka china umasowa. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, asodzi sapita panyanja, ndipo pakangotha masiku ochepa mulu wa ku Zingwangwa umachepa. Bonya, amene kale ena ankamuona ngati ndiwo ya osauka, lero ali m'nyumba iliyonse. Pofika m'ma 2000, nsomba zimene Mmalawi mmodzi ankadya pachaka zinali zitatsika kufika pansi pa theka la zija za m'ma 1970. M'mafiriji a m'magolosale munalowa karapau wa m'nyanja yamchere, ndipo pamisika panayamba kuoneka nsomba zoweta, za m'maiwe ndi za m'zikwere zoyandama zimene Maldeco inaika panyanja ku Mangochi.

Zimene zikuchitikira miyala

Miyala ya mbuna inapeza chitetezo china mu 1980, pamene boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, ndipo mu 1984 UNESCO inaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Lamulo limaletsa usodzi pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo ndi zilumba zake. Mbuna zinapezanso msika wina: kuyambira m'ma 1960 zakhala zikutumizidwa zamoyo pandege ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, kumene anthu amaziweta m'magalasi, ndipo malemu Stuart Grant wa ku Salima anatchuka ndi malondawa. Malonda amenewa nawo anasiya chipsera. Nsomba zina zochokera kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pa chilumba cha Thumbi West, zinaswana, n'kuyamba kulimbirana malo ndi eni nthaka.

Mdani wamkulu sabwera ndi ukonde. Mu 1998 madzi a Indian Ocean anatentha kwambiri, korali anataya ndere zake n'kuyera mbuu, ndipo matanthwe ambiri a kugombe la kum'mawa kwa Africa anafa. Miyala ya m'Nyanja ya Malawi siingafe chotero, koma imakwiririka. Mitengo ikatha kumtunda, mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa imatsitsa dothi lofiira, madzi amada, dzuwa silifika, ndipo matope amakuta ndere imene mbuna zimadya. Zilumba za Maleri, zimene zili pafupi ndi mathiriro a Linthipe, zimalandira matope otere dzinja lililonse. Munthu wa ku Ndirande safunika kupita kutali kuti amvetse: phiri lake linali ndi nkhalango mpaka m'ma 1990, ndipo amaona mtundu wa madzi a Nasolo mvula ikagwa. Kuwamba nsomba nakonso kumadya nkhuni za m'mapiri a m'mbali mwa nyanja. Ndipo poti madzi ambiri a nyanjayi amachoka pouma ndi dzuwa, ochepa okha ndiwo amatuluka ndi Shire, chilichonse cholowamo chimakhalitsa.

Kutha kwa nsomba kumafika mpaka m'thupi la munthu. Ku Cape Maclear, Jay Stauffer ndi anzake anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka, matendawo n'kukula pakati pa ana a m'mudzi wa Chembe. Maneti a udzudzu amene ena amasokerera m'makoka amakokolola ngakhale tiana tosaoneka bwino.

Komabe pali malo amodzi pamene mbiriyi inayenda mwina. Chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, chazunguliridwa ndi miyala ndi virundu za utaka. Kuyambira m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka chilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo aliyense amasamukako. Chikatsegulidwa, pamakhala mwambo, komanso malamulo okhwima: mowa ndi juga n'zoletsedwa, makoka a maso aang'ono ndi usodzi wa nyali saloledwa, wolakwa amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Lamulo la boma lotseka usodzi wa makoka ena kuyambira pa 1 Novembala limavuta kulondoloza pagombe lalitali chotere, koma la ku Mbenji lagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 70 chifukwa olisunga ndi anthu okhala pompo, odziwana maina. Asodzi ochokera m'maboma ena amakhamukirako chaka ndi chaka nyengo ikatsegulidwa, ndipo ofufuza amene anayerekeza utaka wa ku Mbenji ndi wa m'madoko oyandikana nawo anapeza kuti wa pachilumbapo ndi waukulu ndiponso wonenepa.